Fumbi lozungulira nyenyezi zopinimbira limatha liti?

Woperekeza alendo, Likhubula:
Moni nonse pagulu pano, akuluakulu ndi achinyamata. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha. Ndinagona pa Lichenya, paphiri la Mulanje, ndi mlendo wina amene ananyamula telesikopu yaing'ono m'chikwama, ndipo chiperoni chitayera cha m'ma 8 koloko usiku anandiitanira panja. Anandionetsa nyenyezi za Mtanda wa Kummwera, kenako anatsitsa chala motsatira mtengo wautali wa mtandawo mpaka pamalo pamene panalibe chowala chilichonse, nati pamenepo pali mtambo wakuda mmene mukubadwira zinthu zimene si nyenyezi komanso si mapulaneti. Anati zinthuzo zimabadwa zitazunguliridwa ndi fumbi, ndipo fumbilo limatha pakapita zaka mamiliyoni ochepa. Ine ndinavomera chifukwa cha ulemu, koma mumtima funso linatsala. Munthu amene akakhalitsa amafika zaka 90 angadziwe bwanji kuti chinthu chimatha pakapita zaka 3 miliyoni, pomwe palibe amene anachiona chikuyamba kapena chikutha? Aphunzitsi, ndithandizeni.

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Zikomo achimwene, mwafunsa pamene pagona nkhani yonse. Ndiyambe ndi zinthuzo, zimene pa Chingerezi amazitcha brown dwarf. Dzuwa lathu limawala chifukwa pakatikati pake pali kupanikizika ndi kutentha koopsa, madigiri pafupifupi 15 miliyoni, moti maatomu a haidrojeni amaphatikizana n'kusanduka hiliyamu, ndipo moto wotere umayaka kwa zaka mabiliyoni. Koma kuti motowo ukolere, chinthucho chiyenera kulemera kuwirikiza pafupifupi ka 75 kulemera kwa Jupiter, pulaneti yaikulu kwambiri yozungulira Dzuwa. Chikachepera pamenepo, haidrojeni sayaka mokhazikika. Chimene chapitirira kulemera kwa Jupiter kuwirikiza ka 13 chimatha kutentha kwa kanthawi mtundu wina wa haidrojeni wotchedwa deuterium, umene ndi wochepa ndipo suchedwa kutha, kenako chimangozirala pang'onopang'ono moyo wake wonse, monga khala limene laphulidwa pa mbaula. Brown dwarf ndi chimene chili pakati pa malire awiriwo, 13 ndi 75, pomwe Dzuwa limaposa Jupiter kuwirikiza koposa ka 1,000. Mtambo umene mlendo anakulozerani uli m'gulu la nyenyezi lotchedwa Chamaeleon, kutanthauza nanzikambe, ndipo gawo lake lodziwika kwambiri ndi Chamaeleon I. Kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka pafupifupi 600 kuti kutipeze. Kuno ku Mulanje tili madigiri 16 kummwera kwa equator, choncho deralo sililowa usiku wonse, pomwe munthu wa ku London saliona m'pang'ono pomwe.

Wophunzira wa Fomu 4, Luchenza:
Aphunzitsi, kodi zinthuzi n'zamtundu wa dothi monga mmene dzina lachingerezilo likumvekera? Ndiponso pa Chichewa tizitchula chiyani, kuti tisamangobwereza mawu achilendowo nthawi zonse?

Agogo, mphunzitsi wopuma, Likhubula:
Mwana wanga, dzina lilipo kale m'chinenero chathu. Chimanga chikamera pa nthaka yoguga chimatuluka ngati chinzake, masamba ake ndi a chimanga ndithu, koma sichifika msinkhu wobereka, ndipo timati chapinimbira. Mmene aphunzitsi afotokozera, chinthuchi chinayamba ulendo wa nyenyezi koma chakudya chinachepa chisanafike poyaka, choncho ine ndikuti tizitche nyenyezi zopinimbira. Sindikukondwera ndi dzina lakuti nyenyezi yolephera limene ena amanena, chifukwa kulephera kumamveka ngati mlandu, pomwe kupinimbira kumaloza chimene chinachitikadi, chimene ndi kuperewera kwa chakudya. Ndifunsenso ichi: bambo anga ankationetsa Nsangwe zikatulukira pamwamba pa phiri madzulo, nati nthawi yokonza makasu yafika. Kodi m'kagulu kameneko mulinso zopinimbira?

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Agogo, dzinalo talilandira, ndipo mwaloza pamalo penipeni. Imodzi mwa nyenyezi zopinimbira zoyamba kutsimikizidwa ili mu Nsangwe momwemo. Imatchedwa Teide 1, ndipo inalengezedwa mu 1995 ndi Rafael Rebolo ndi anzake amene ankagwira ntchito pa chilumba cha Tenerife. Chaka chomwecho kunapezekanso ina, Gliese 229B. Komatu Shiv Kumar anali atasonyeza kale ndi masamu mu 1962 kuti zinthu zotere ziyenera kukhalapo, ndipo Jill Tarter ndiye anabweretsa dzina lachingerezilo mu 1975. Ku funso la mtsikana wathu, mtundu wake si wa dothi. Yaing'ono msinkhu, imene kunja kwake kumatentha madigiri pafupifupi 2,500, ikanaoneka yofiira ngati chitsulo cha m'ng'anjo. Tsopano za fumbi. Mtambo wa gasi ukayamba kugwera mkati chifukwa cha mphamvu yake yokoka, umakhala ukuzungulira pang'ono, ndipo pamene ukufinyika kuzungulirako kumakula. Zimene zili m'mphepete sizingagwere molunjika pakati, choncho zimayalana mozungulira n'kupanga chimbale chophwatalala ngati lichero, nyenyezi yakhandayo ili pakati. Pa magawo 100 a kulemera kwa chimbalecho, pafupifupi 99 ndi gasi ndipo gawo limodzi lokha ndilo fumbi, lomwenso poyamba limakhala losalala kuposa ufa woyera, longa utsi.

Agogo, mphunzitsi wopuma, Likhubula:
Kuchokera 1962 kufika 1995 ndi zaka 33 akufunafuna chinthu chimene masamu okha ndiwo anachiona. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu.

Woperekeza alendo, Likhubula:
Ndamva, aphunzitsi, koma ine ndinayang'ana mu telesikopu ija ndipo munali mdima wokhawokha. Ngati nyenyeziyo payokha sioneka, fumbi lake amaliona ndi chiyani?

Namwino, Mulanje boma:
Achimwene, apa ndingathandizeko ndi chipangizo chimene ndimagwira tsiku lililonse. Mukukumbukira kachipangizo koyezera kutentha kamene tinkakulozani pachipumi pa geti nthawi ya Covid? Sikakhudza khungu, koma kamadziwa ngati thupi latentha, chifukwa chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala kumene maso athu saona, kotchedwa infrared. Khoma la njerwa limene lawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse limatulutsa kuwala komweko madzulo, n'chifukwa chake mukayandikiza tsaya mumamva kufunda musanaligwire. Yesani kuloza rimoti ya TV pa kamera ya foni n'kudina batani; pa mafoni ambiri mudzaona kanyali kakuphethira pamene maso paokha saona kanthu. Ndikuganiza kuti fumbi la kumwambalo amalipeza mwa njira yomweyo, koma achimwene a ku yunivesite atiwongolere.

Wophunzira fizikisi ku yunivesite, kwawo ku Muloza:
Amayi anamwino, simunaphonye. Nyenyezi yopinimbira imene ili yokha imatulutsa kuwala mwa muyeso umene tingathe kuwerengera tikadziwa kutentha kwake. Koma ikakhala ndi chimbale, fumbi limamwa kuwala kwa nyenyeziyo, limafunda, n'kubweza kufundako ngati infrared, choncho poyeza timapeza infrared wochuluka kuposa amene nyenyezi yokhayo ikanatulutsa. Kuchulukirako ndiye chizindikiro cha fumbi, ngakhale chimbalecho sichioneka pa chithunzi. Mpweya wa dziko lathu, makamaka chinyezi chake, umatsekereza infrared wambiri, n'chifukwa chake ntchito yaikulu inagwiridwa ndi telesikopu ya Spitzer imene inatumizidwa mumlengalenga mu 2003 ndipo inapuma mu January 2020. Mu 2005 Kevin Luhman ndi anzake anagwiritsa ntchito Spitzer kuwerenga nyenyezi zopinimbira m'magulu awiri aang'ono msinkhu, a zaka za pakati pa 2 ndi 3 miliyoni. Mu Chamaeleon I anapeza kuti theka la izo zili ndi zimbale, ndipo mu IC 348 anapeza 42 pa 100. Chizindikiro china ndi kuwala kofiira kwa haidrojeni kumene kumatuluka gasi akamagwera pa nyenyezi kuchokera m'chimbale n'kumenya mwamphamvu pamwamba pake. Tikakuona kuwala kumeneko kuli kwamphamvu komanso kotambasuka, timadziwa kuti khandalo likudyabe.

Namwino, Mulanje boma:
Mawu akuti likudyabe anditsegula m'maso, ndipo ndikuona yankho la funso loyamba lija. Tsiku la sikelo ya ana kumabwera amayi mwina 100, ena ndi makanda a miyezi 3, ena ndi ana a chaka, ena a zaka 2 kapena 3. Ndikafuna kudziwa msinkhu umene ana a dera lathu amasiyira bere, sindifunika kutsatira mwana mmodzi kuyambira tsiku lobadwa mpaka tsiku lomuletsa. Ndimangofunsa m'mawa umodzi womwewo kuti pa makanda ndi angati akuyamwa, pa a chaka ndi angati, pa a zaka 2 ndi angati. Pa makanda ndipeza pafupifupi onse, pa a zaka 3 ndipeza mmodzi kapena awiri, ndipo pakati pamenepo pali msinkhu umene theka lasiya. Kodi si mmene akuchitira ndi nyenyezizi, kuti gulu lililonse la nyenyezi ndi mzere umodzi wa ana a msinkhu wofanana?

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Ndi momwemo ndendende, amayi, ndipo ndikupempha chilolezo kuti fanizo lanuli ndikaligwiritse ntchito m'kalasi. Nyenyezi zimabadwa m'magulu kuchokera mu mtambo umodzi, choncho za gulu limodzi zimakhala za msinkhu woyandikana. Mu 2001 Karl Haisch, Elizabeth Lada ndi Charles Lada anachita kawerengedwe kameneka pa magulu angapo a nyenyezi wamba, ndipo anapeza kuti m'magulu aang'ono kwambiri nyenyezi zoposa 80 pa 100 zili ndi zimbale, theka zimakhala zitataya pofika zaka pafupifupi 3 miliyoni, ndipo pofika zaka pafupifupi 6 miliyoni zotsala zimakhala zowerengeka. Funso linali lakuti zopinimbira zimatsata mzere womwewo kapena ayi. Pa magulu aang'ono aja zinaoneka zofanana ndi nyenyezi zinzake. Kusiyana kunayamba kuoneka pa gulu lokulirapo lotchedwa Upper Scorpius, limene lili kumutu kwa nyenyezi zooneka ngati chinkhanira zotchedwa Chinkhanira. Kumeneko nyenyezi zolemera kuposa Dzuwa pafupifupi zonse zinali zitataya kale zimbale zake zobadwa nazo, koma mu 2007 Aleks Scholz ndi anzake atayeza zopinimbira 35 anapeza kuti 13 zikadali ndi fumbi lake. Apa ndi pamene panakhazikika ganizo lakuti chinthu chikachepa thupi, chimasunga chimbale chake nthawi yaitali.

Kapitawo wa m'munda wa tiyi, Thyolo:
Pepani aphunzitsi ndi amayi anamwino, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pali zinthu ziwiri zimene sizikundikhutitsa. Ntchito yanga ndi ya manambala a makilogalamu, ndipo ndinaphunzira kuti nambala imaima pokhapokha sikelo ili yolungama. Choyamba, mayi akabwera ndi mwana kusikelo amabwera ndi kabuku, ndipo tsiku lobadwa linalembedwamo. Nyenyezizi kabuku kake kali kuti? Mukalakwitsa msinkhu wa gulu, ndiye kuti yankho lonse lapotoka, ngakhale mwawerenga zimbale molondola. Chachiwiri, mukufanizira magulu obadwira m'malo osiyana ngati kuti ndi mudzi umodzi. Tiyi wa kuno ku Thyolo ndi wa kumunsi kwa phiri la Mulanje salandira mvula yofanana, ndipo munthu amene angayeze tchire la zaka 3 kuno ndi la zaka 10 uko n'kunena kuti kusiyana konse kwabwera ndi msinkhu, ndingamuuze kuti abwerere kumunda. Ndiwonjezere chachitatu: zinthu 35 n'zochepa. Ine sindiweruza munda wonse ndi madengu 35.

Wophunzira fizikisi ku yunivesite, kwawo ku Muloza:
Akapitawo, mfundo zanu zitatu zonse n'zoona, ndipo yoyambayo inachitikadi pa gulu lomweli. Msinkhu wa gulu amaupeza poyerekeza kuwala ndi kutentha kwa nyenyezi zake ndi masamu a mmene nyenyezi yaing'ono imafinyikira pamene ikukula: khanda limakhala lofufuma ndi lowala, kenako limanyala. Pamene Scholz ankawerenga zimbale zija, Upper Scorpius ankaiyesa ya zaka 5 miliyoni. Mu 2012 Mark Pecaut, Eric Mamajek ndi Eric Bubar anayezanso pogwiritsa ntchito nyenyezi zina za gululo ndipo anapeza zaka pafupifupi 11 miliyoni. Zimbale 13 zija sizinasinthe, koma tanthauzo lake linasintha, chifukwa chimene chinkaoneka ngati kupirira zaka 5 miliyoni chinasanduka kupirira kuwirikiza kawiri. Kuyeza mtunda nakonso kumalowa m'nkhaniyi, popeza nyali yofooka yapafupi imafanana ndi yowala yakutali, ndipo apa telesikopu ya Gaia imene inatumizidwa mu 2013 yathandiza kwambiri kuwongola mitunda ndi kusiyanitsa mamembala enieni a gulu ndi odutsa. Pa za kuchepa kwa chiwerengero, pali chitsanzo choposa chimene mwadandaula nacho. M'gulu la TW Hydrae, la zaka pafupifupi 10 miliyoni, zinalengezedwa kuti zopinimbira 60 pa 100 zili ndi zimbale, koma 60 ameneyo anali 3 mwa 5. Ikanasintha imodzi yokha, nambala ikanakhala 40 kapena 80. Chimene chimandipangitsa kuvomerezabe ganizo lija n'chakuti mkati mwa gulu limodzi, mmene msinkhu ndi malo obadwira n'zofanana, zing'onozing'ono zimapezekabe ndi zimbale kuposa zikuluzikulu. Kumeneko ndi kufanizira matchire a munda umodzi.

Wophunzira wa Fomu 4, Luchenza:
Achimwene, nanga chimbalecho chikatha, fumbi ndi gasiyo zimapita kuti? Tinaphunzira kuti zinthu sizingosowa.

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Wakumbukira bwino, mwana wanga. Gawo lina limadyedwa ndi nyenyeziyo, monga tanenera. Gasi wa m'chimbale amasendera mkati pang'onopang'ono mpaka kugwera pa khandalo, ndipo apa zopinimbira zimadya mochepa zedi, nthawi zambiri kuchepera maulendo mazana kapena masauzande poyerekeza ndi nyenyezi yaing'ono ya mtundu wa Dzuwa. Nkhokwe yake ndi yaing'ono, koma kadyedwe kake n'kochepanso kwambiri. Si nthawi zonse pamene kudyako kumayenda mofanana. Mu 2025 kanthu kena ka mu Chamaeleon momwemo, kotchedwa Cha 1107-7626, kamene kulemera kwake n'kwa Jupiter kuwirikiza ka 5 mpaka 10, kanapezeka kakumeza matani pafupifupi 6 biliyoni pa sekondi, kuposa kwambiri mmene kankadyera miyezi ingapo m'mbuyo mwake. Gawo lina limauluzidwa. Nyenyezi yaing'ono msinkhu imatulutsa kuwala kwaukali kwa ultraviolet ndi X-ray, kumene kumatenthetsa gasi wa pamwamba pa chimbale mpaka gasiyo amathamanga moti mphamvu yokoka imalephera kumugwira, ndipo amathawa atanyamula fumbi losalala. Achimwene a ku Likhubula amaziona izi chiperoni chikagona pa Chambe: dzuwa likatuluka mwamphamvu nkhunguyo imayera msanga, koma tsiku la dzuwa lofooka imaswera pomwepo. Nyenyezi yopinimbira ndi dzuwa lofooka, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chimene akatswiri ambiri amaloza pofotokoza kukhalitsa kwa zimbale zake. Gawo lachitatu silichoka konse, limangobisala. Fumbi likamatirirana n'kukhala mchenga, mchenga n'kukhala miyala, kulemera kumakhala komweko koma malo omwera kuwala amachepa kwambiri. Thumba la ufa mukalimwaza m'chigayo limadetsa chipinda chonse, pomwe chimanga cholemera chimodzimodzi chimangokhala pakona osatchinga kanthu. Choncho infrared uja akazimiririka, n'kutheka kuti fumbi lathawa, n'kuthekanso kuti lasanduka miyala.

Kapitawo wa m'munda wa tiyi, Thyolo:
Mfundo yomalizayi ndi yolemera, chifukwa ikutanthauza kuti chimene akuyeza ndi nthawi imene fumbi losalala limaoneka, osati nthawi imene zinthu zonse zimakhalapo. Koma ndibwerere ku za kuuluzika. Mayi akamapeta, gaga amauluka msanga ngati palibe chomugwira. Mwanena kuti yopinimbira ndi yopepuka, choncho mphamvu yake yokoka ndi yochepa. Sizikuyenera kuti chimbale chake ndicho chiyambe kuuluka?

Wophunzira fizikisi ku yunivesite, kwawo ku Muloza:
Zimatero ndithu, akapitawo, ngati mphepo ikuchokera kwa mnansi, ndipo apa ndi pamene mfundo yanu ya malo obadwira ikugwira ntchito. Kummwera kwa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija za mu Orion, pali mtambo wowala mmene mukubadwira nyenyezi masauzande, ndipo pakati pake pali chimphona chotchedwa Theta1 Orionis C chimene chimalemera kuposa Dzuwa kuwirikiza ka 30 ndi kupitirira. Kuwala kwake kwa ultraviolet kumasenda zimbale za nyenyezi zoyandikana nacho, ndipo telesikopu ya Hubble inajambula zimbalezo m'zaka za m'ma 1990 zikuoneka ngati mbululu, michira yake italoza kumbali yosiyana ndi chimphonacho. Pamalo otere kanthu kopepuka sikangathe kugwira m'mphepete mwa chimbale chake. Chamaeleon I ndi mudzi wabata wopanda chimphona chotero. Choncho yankho lili pawiri: yopinimbira siwononga chimbale chake yokha, koma ilibenso mphamvu yochiteteza kwa ena.

Agogo, mphunzitsi wopuma, Likhubula:
Ana anga, ndatsatira zonse, koma ndikufuna kumva chifukwa chimene anthu ophunzira amathera moyo wawo pa kusiyana kwa zaka 3 miliyoni ndi 10 miliyoni. Chikusintha n'chiyani fumbi likakhalitsa?

Wophunzira fizikisi ku yunivesite, kwawo ku Muloza:
Agogo, zifukwa ndi ziwiri. Choyamba ndi mkangano wa kabadwidwe. Mu 2001 Bo Reipurth ndi Cathie Clarke anapereka ganizo lakuti zopinimbira ndi makanda amene anakankhidwa m'chisa ndi abale awo olemera asanakhute. Zikanakhala kuti zonse zimabadwa choncho, zimbale zake zikanakhala zoduka ndi zosakhalitsa. Kupezeka kwa zimbale zambiri zokhalitsa kukusonyeza kuti zochuluka zimabadwa monga nyenyezi ina iliyonse, kungoti mtambo wake unali waung'ono. Chachiwiri ndi mapulaneti, pakuti chimbale ndicho dothi loumbira, ndipo nthawi imene chimakhala ndiyo nthawi yonse imene woumba wapatsidwa. Dziko lathu lomwe linachokera m'chimbale chotere zaka 4.5 biliyoni zapitazo. Mu 2005 Daniel Apai ndi anzake anayang'ana zimbale za zopinimbira za mu Chamaeleon I ndi Spitzer, napeza kuti fumbi layamba kukula, lina lasanduka timiyala tonyezimira ta olivine, ndipo likukhazikika pakati pa chimbale monga matope akhazikikira pansi pa ndowa. Mu 2012 Luca Ricci ndi anzake, pogwiritsa ntchito ALMA, telesikopu ya madishi 66 imene ili pamtunda wa mamita 5,000 m'chipululu cha Atacama ku Chile, kutanthauza mamita pafupifupi 2,000 pamwamba pa Sapitwa, anapeza tinthu tofika milimita m'mphepete mwa chimbale cha yopinimbira yotchedwa Rho Ophiuchi 102. Izi zinadabwitsa chifukwa gasi amazungulira mochedwa pang'ono kuposa timiyala, choncho timiyalato timakhala ngati wakabaza amene akupalasa moyang'anizana ndi mphepo: timatopa n'kusendera mkati, ndipo masamu amasonyeza kuti pa zopinimbira kusenderaku n'kofulumira. Pamenepa pali mpikisano pakati pa kukula ndi kugwa. Ndiyeneranso kunena kuti dothilo ndi lochepa. Fumbi la zimbale zambiri zotere limalemera ngati dziko lathu kamodzi kapena kangapo, mwinanso kuchepera apo, choncho tingayembekezere timapulaneti ta miyala, osati zimphona ngati Jupiter.

Wophunzira wa Fomu 4, Luchenza:
Ndinawerengapo kuti pulaneti yoyamba kujambulidwa kunja kwa banja la Dzuwa imazungulira nyenyezi yopinimbira. Kodi imeneyo sinaumbidwe m'chimbale?

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Ukunena 2M1207b, imene Gaël Chauvin ndi anzake anaijambula mu 2004 ndi Very Large Telescope ku Chile. Imazungulira yopinimbira yolemera ngati Jupiter kuwirikiza pafupifupi ka 25, ya m'gulu la TW Hydrae lomwe lija, imene ikadali ndi chimbale ndipo ikudyabe pa msinkhu wa zaka pafupifupi 10 miliyoni. Koma mnzakeyo amalemera ngati Jupiter kangapo ndipo ali kutali kuposa mmene pulaneti ya Neptune ilili ndi Dzuwa, moti chimbale chaching'ono chotero sichikanakwanitsa kumuumba kuchokera ku fumbi. Akatswiri ambiri amawaona awiriwa ngati mapasa osiyana thupi. Chitsanzo choyandikira chimene tikukamba ndi TRAPPIST-1, kanyenyezi kamene kanangopitirira pang'ono malire oyakira, ndipo mu 2017 kanalengezedwa kuti kali ndi mapulaneti 7 ofanana kukula ndi dziko lathu.

Namwino, Mulanje boma:
Aphunzitsi, kusikelo nthawi zina ndimakumana ndi mwana wa zaka 4 amene akuyamwabe pomwe anzake onse anasiya kalekale. Kodi kumwambako aliponso otere?

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Alipo, amayi, ndipo amene anathandiza kuwapeza ndi anthu wamba. Bungwe la ku America loona za mlengalenga la NASA linayambitsa ntchito yotchedwa Disk Detective, mmene anthu odzipereka ankayang'ana pa intaneti zithunzi za infrared zochokera ku telesikopu ya WISE n'kumasankha zimene zikuoneka kuti zili ndi fumbi. Mu 2016 kunalengezedwa kanyenyezi kofiira kotchedwa WISE J0808-6443, ka m'gulu la zaka pafupifupi 45 miliyoni, kamene kali ndi chimbale ndipo kakudyabe gasi. Zimbale zotere anazitcha za Peter Pan, potengera mwana wa m'nthano yachingerezi amene sakula. Kudyako n'kofunika pa umboni, chifukwa pali fumbi lamtundu wina limene limabwera pambuyo, miyala ikamawombana n'kuperana, ndipo limenelo limapezeka ngakhale pa nyenyezi zokalamba koma silikhala ndi gasi wambiri. Zimene zapezeka za Peter Pan ndi tinyenyezi tochepa thupi, tina toyandikira malire a zopinimbira, zomwe zikugwirizana ndi zonse takambazi. Anthu omwewo mu 2020 anathandiza kupeza W1200-7845, yopinimbira ya zaka pafupifupi 4 miliyoni yokhala ndi chimbale, pamtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 330, kumbali yomweyo ya Chamaeleon.

Kapitawo wa m'munda wa tiyi, Thyolo:
Ndanena zokayika zanga ndipo zayankhidwa mosabisa, choncho ndinene pamene ndaima. Ndikuvomera kuti m'gulu limodzi zopepuka zimasunga fumbi kuposa zolemera, pakuti kumeneko sikelo ndi imodzi. Koma nambala ya zaka ndiziyitenga pamodzi ndi dzina la gulu limene yachokera, chifukwa gulu limene linali la zaka 5 miliyoni n'kudzakhala la 11 miliyoni landiphunzitsa kuti kabuku ka nyenyezi kamalembedwa ndi pensulo. Achimwene a ku yunivesite, mukadzamva kuti telesikopu ya James Webb yawerenga zopinimbira mazana m'gulu limodzi lokulirapo, mudzatibweretsere chiwerengerocho pano, ndi kuchuluka kwa zimene anayeza.

Woperekeza alendo, Likhubula:
Zikomo nonse, funso langa layankhidwa. Loweruka ndikukwera ndi alendo ena kukagona pa Chambe, ndipo ndikufuna kudzawalozera ndekha gulu la Upper Scorpius lija. Aphunzitsi, ndiyang'ane kuti, nthawi yanji?

Mphunzitsi wa sayansi, Chitakale:
Mwezi uno wa July, cha m'ma 9 koloko usiku, gonani chagada pamwala n'kuyang'ana pafupifupi pamwamba pa mutu, chakummwera pang'ono. Mudzaona nyenyezi yofiira yowala kwambiri, imeneyo ndi Antares, mtima wa Chinkhanira. Kumadzulo kwake kuli nyenyezi zitatu zoyera zimene zaima mzere wopindika pang'ono, ndipo ndizo mutu wa Chinkhanira. Mchira umakhota kupita ku Mlalang'amba. Antares ndi zitatuzo ndi akuluakulu a gululo, ndipo kuwala kwa deralo kumayenda zaka zoposa 400 kuti kufike pa Chambe. Zopinimbirazo zamwazikana mumdima wa pakati pa nyenyezi zimenezo, ndipo telesikopu ya m'chikwama singazione, choncho mudzawauziretu alendo anu kuti mukuwaonetsa mudzi, osati makandawo. Mukatha pamenepo tembenukirani kummwera nthawi isanapite, chifukwa pofika 11 koloko Mtanda udzakhala utapendekera kumadzulo ndipo Chamaeleon adzakhala atatsikira kufupi ndi nkhungu ya m'chigwa.